Alongo Awiri a Dona Nice

Valdenice dos Anjos linali dzina la pa ziphaso chabe. Ku Garanhuns, kuyambira kumsika mpaka kumtunda kumene ankakhala, anthu ankamudziwa kuti Dona Nice, mayi wophikira ana pasukulu ya pulayimale ya m'deralo. Anali wamfupi, wojintcha, wa mikono yolimba chifukwa chotakasa mapoto aakulu oti mwana n'kusambiramo. Akayamba kuseka kukhitchini, aphunzitsi ankatseka zitseko za makalasi. Ana okana nyemba ankawauza kuti nyemba yotsala m'mbale imapita kukadandaula kwa ahedi, ndipo anawo ankanyambita mbale akuseka.

Mwamuna wake anamwalira kalekale. Mwana wake mmodzi yekhayo, Jucilene, anapita ku São Paulo kukagwira ntchito yosamalira odwala. M'nyumba anatsalamo awiri, iye ndi mayi ake, Dona Quitéria, nkhalamba yowonda, yamakani, imene sinkadya chakudya chophika munthu wina koma Nice, ngakhale inkachinyoza tsiku lililonse kuti mchere wachepa.

Lamlungu ndiye nyumbayo inkadzaza. Nice anali ndi alongo awiri. Wamkulu, Genivaldo, ankayendetsa lole yonyamula mazira ndi nkhuku kupita ku Recife. Chinali chimunthu cha mimba, cha mawu ngati hutala ya lole yakeyo. Wamng'ono, Edmilson, ankakonza mafiriji. Iyeyu anali wowonda, wolankhula motsitsa, koma mawu ake ankaluma ngati linthumbu. Awiriwa anakula akupalasa njinga imodzi, wina pachishalo wina pachitsulo. Ankabwera ndi akazi awo ndi ana kudzadya nyemba, nyama youmitsa ndi maungu, n'kumakangana za mpira mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Zikafika poipa, Nice ankatulukira ndi chipande m'manja.

"Akatswiri inu, alipo pakati panu angathamange kufika pageti osapempha mpando? Iwe Genivaldo, chimimba chakocho chikanakhala mpira bwenzi timu yako ili ndi chikho."

Onse ankaphulika kuseka, mkangano n'kuthera pomwepo. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya Nice m'banjamo chiyambire ali mtsikana, ndipo sinkamulemera.

Foni yamakono anamugulira ndi Jucilene. Poyamba ankaigwira ngati dzira, koma mwezi usanathe anali atatsegula gulu la pa Watsapu, n'kulitcha "Ana a Dona Quitéria". Analowetsamo alongo ake, alamu ake, asuweni a ku Caruaru ndi ena amene chibale chawo palibe ankachilongosola. M'mawa uliwonse, madzi a khofi asanawire, ankatumiza chithunzi, kaya duwa la mame, kaya mphaka wovala magalasi, kaya mbuzi itakwera njinga yamoto, pansi pake n'kulemba kuti, "Mwadzuka bwanji, mbumba ya anthu osamva?" Malamulo analipo ochepa. M'gulumo munalibe ndale, munalibe zithunzi za ngozi, munalibenso mauthenga aja oti ukapanda kuwatumiza kwa anzako ugwera m'chitsime. Pa Fesibuku anachitanso chimodzimodzi. Ankaikapo zithunzi za mapoto ake ndi nthabwala za agalu, ndipo anzake anachuluka mpaka ena osawadziwa nkhope.

Kenako chinafika chaka cha chisankho.

Genivaldo anayamba kuvala malaya achikasu tsiku lililonse, n'kumangirira mbendera pagalasi la lole. Edmilson anapachika nsalu yofiira pawindo la kashopu kake. M'tauni monse zinali choncho, nyumba iyi chikasu, iyo chofiira, ndipo Nice ankaona ngati ndi mpira womwe uja, ungosiyana mayunifolomu. Tsiku lina Genivaldo anaponya m'gulu kanema wa munthu wolalata. Edmilson anayankha ndi liwu limodzi, "Bodza." Posakhalitsa unabwera uthenga wa mawu, injini ya lole ikulirira kumbuyo.

"Iwe wokonza mafiriji, bongo wako unaundana nawo limodzi eti? Ukufuna kutibwezera akuba?"

"Achimwene, nkhuku mumanyamulazo zimaganiza bwino kuposa inu. Zifunseni zikulangizeni."

Nice anali pakati posenda anyezi. Anapukuta manja n'kutumiza mbuzi yake ija ya panjinga, n'kulemba kuti, "Woyenera kumuvotera ndi uyu, saba komanso salankhula." Msuweni mmodzi wa ku Caruaru anaika kankhope koseka. Ena onse anadumpha mbuziyo ngati chithaphwi, mauthenga n'kumagwa ngati matalala mpaka inakwiririka.

Ku Fesibuku kunali koposa. Anaikako chithunzi cha poto wa nyemba za ana asukulu, n'kulemba kuti lero zapsa bwino mpaka ahedi apempha kawiri. Mnzake wa Genivaldo analemba kuti adyeretu, chifukwa ofiira akalowa nyemba zidzakhala za m'maloto. Mnzake wa Edmilson anafunsa kuti nanga anakweza mtengo wa nyemba ndani. Pofika madzulo, pansi pa potoyo anthu anali atatukwanirana amayi awo.

"Poto wanga walakwa chiyani?" Nice anafunsa Jucilene Loweruka masana, akuonana pafoni.

"Amayi, musamaonetse aliyense chilichonse. Anzanuwo agaweni m'mindandanda. Mukaika chinthu mumasankha kuti achione ndi ati. Achikasu paokha, ofiira paokha, sakumananso."

"Ngati posankha nyemba?"

"Eya, ngati posankha nyemba."

Nice anakhala pakhonde masana onsewo, magalasi ali pamphuno, akudina dzina limodzilimodzi. Mndandanda wina anautcha Tsabola Wachikasu, wina Tsabola Wofiira. Amayi a kutchalitchi ndi onse otumiza maluwa okhaokha anawaika mu Shuga, makolo a ana asukulu mu Phala. Poyamba ankaseka yekha, koma kenako ntchito ija inayamba kumuwawa. Posankha nyemba umataya miyala, koma apa panalibe mwala, onse anali anthu amene anadya nawo, kuvina nawo, kulira nawo maliro. Dona Marluce, mnzake wa kukwaya, anali Shuga chiyambire, koma masiku amenewo ankalemba zinthu zoti wansembe atawerenga angakomoke. Seu Aderbal wometa tsitsi ankasintha mbali malinga ndi amene wakhala pampando. Atafika pa dzina la Genivaldo chala chinaima. Anamuika kumene anayenera kupita, n'kutenga la Edmilson kuliika kwina, ndipo mumtima anamva ngati wawayalira m'nyumba zosiyana ana amene anakulira pamphasa imodzi.

Zinathandiza pang'ono. Nthabwala imodzi ankaiika kawiri, uku ndi uku, ndipo mbali iliyonse inkaseka payokha. Gulu la pa Watsapu nalo analigawa, mkazi wa Edmilson atatulukamo mokwiya. Analemba "Ana a Dona Quitéria 1" ndi "Ana a Dona Quitéria 2", osaganiza zambiri. Foni inalira nthawi yomweyo, anali Genivaldo.

"Nice, ine woyamba kubadwa ndili mu 2? Wayamba liti kuwerenga chobwerera m'mbuyo?"

Anafufuta manambala aja. Magulu onse awiri anakhala ndi dzina limodzi, kusiyana chithunzi chokha, lina duwa loyera, lina duwa la pepo. Lamlungu nalo linagawika. Sabata iyi kunkabwera a Genivaldo, sabata inayo a Edmilson. Dona Quitéria ankayang'ana mipando yopanda anthu n'kufunsa kuti winayo ali kuti, ndipo Nice ankati wapita kukagwira ntchito.

"Ntchito Lamlungu? Analemera liti ana angawa?"

Tsiku lobadwa la Dona Quitéria linagwa chisankho chitatsala pang'ono. Nice anakonza zonse mosamala ngati wonyamula madzi m'lichero. Genivaldo ndi banja lake adzabwere pa chakudya cha masana, Edmilson ndi lake adzabwere dzuwa litapendeka, pa khofi. Nsalu ya patebulo anagula ya pepo, mabaluni a pepo, diresi ya mayi ake ya pepo. Vuto linali keke. Dona Quitéria ankafuna keke ya chimanga, imene imatuluka yachikasu, yopaka jamu wa magwafa, amene ndi wofiira.

"Amayi, bwanji chaka chino tipange ya chokoleti?"

"Ndabadwa ine kapena wabadwa iwe?"

Keke inaphikidwa ya chimanga, jamu n'kupakidwa pamwamba.

Genivaldo anabwera, anadya, anaimba, kenako anagona pampando wa ndalema pakhonde, kukamwa kuli yasa. Nice anamugwedeza, anamutsina, anamuuza kuti lole yake ikubedwa, koma munthu anali atakhuta. Njinga yamoto ya Edmilson italira pageti, Nice anangoima pakati pa bwalo ndi mbale m'manja. Genivaldo anatsegula maso. Abale aja anayang'anana, wina malaya achikasu, wina kapu yofiira, ndipo ana amene ankasewera analeka.

Anawapulumutsa ndi Dona Quitéria, amene sankadziwa n'komwe kuti pali choti apulumutse.

"Ehe, mwakwana tsopano. Bwerani kuno nonse. Nice, tijambule."

Palibe anakana. Anaima uku ndi uku, mayi awo pakati, atawagwira m'mikono ndi timanja tawo touma. Sanamwetulire, komanso sanachoke. Edmilson anadya keke ataimirira. Genivaldo pochoka anati, "Tapita," osatchula dzina la munthu, ndipo Edmilson anagwedeza mutu. Kwa Nice zimenezo zinali zokwanira. Chibale ndi fupa, anadziuza, sichiola. Alendo asanathe n'komwe kuchoka anatenga foni n'kuika chithunzi chija pa Fesibuku. Foni itamufunsa kuti achione ndani, sanasankhe Tsabola kapena Shuga. Anasankha onse. Pansi pake analemba kuti, "Wa mazira ndi wa firiji akumana. Mmodzi popanda mnzake, zinthu zimawola."

Anapita kukatsuka mbale akuimba. Pobwera anapeza ndemanga zitasefukira.

"Genivaldo, wayamba kudyera mbale imodzi ndi akuba?" analemba dalaivala mnzake.

"Edmilson, ukafika kunyumba usambe ndi sopo wochapira," analemba wina wa mbali inayo.

Nice anayankha aliyense ndi kankhope koseka. Analemba kuti keke yatsala, amene akufuna abwere asiye ndale pageti. Palibe anamumva. Rosineide, mkazi wa Genivaldo, analowerera n'kulemba kuti mwamuna wake ndi munthu wa banja, woopa Mulungu, wosiyana ndi ena amene amangodikira kuti boma liwadyetse. Apo ndi pamene Edmilson, amene anali chete nthawi yonseyi, analemba mizere iwiri. Anati munthu wa banjayo afotokoze kumene anali tsiku limene bambo awo ankatsirizika m'chipatala, chifukwa iye akudziwa kuti sanali pamsewu, anali ku Recife kwa mkazi wina amene dzina lake angathe kulitchula.

Nice anakhala pansi pomwepo pakhitchini. Nkhani imeneyo inali yakale, ndipo m'banjamo ankaidziwa anthu atatu okha. Rosineide sanali mmodzi wa iwo. Anafufuta chithunzi chija, koma madzi anali atatayika kale. Anthu anali atajambula ndemangayo, ndipo pofika m'mawa inali m'mafoni a tauni yonse, achikasu ndi ofiira omwe.

Lolemba Genivaldo anabwera kusukulu. Sanalowe, anaima pakhomo la khitchini, ndevu zosameta, maso ofiira.

"Rosineide wapita kwawo ndi ana."

"Abweranso, mlongo wanga. Ndipita ndikalankhule naye."

"Ukamuuze nthabwala iti?" Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamuopsa Nice kuposa kulalata. "Unatiika pamsika ngati nkhuku zogulitsa. Anakutuma ndani?"

"Ndinangokondwa, Geni. Ndinakuonani muli limodzi."

"Iwe uli mbali iti kodi? Nena lero."

"Ine ndili mbali ya Amayi."

Genivaldo anaseka kuseka kopanda mano, n'kutembenuka. Mpunga unali ukupserera kumbuyo, koma Nice anaima mpaka lole inazimiririka.

Madzulo anaimbira Edmilson. Ankayembekeza kumva munthu wamanyazi, koma anamva mawu ouma.

"Ndanena bodza?"

"Sikuti ndi bodza, koma wapasula banja la mkulu wako chifukwa cha anthu amene sakudziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Edmilson."

"Achemwali, inu mumaona ngati zonse ndi masewera. Dziko likupsa, inu mukutumiza mbuzi. Nthabwala zanuzo ndi mantha basi."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Nice sanapeze choseketsa. Mwina mlongo wakeyo ankanena zoona. Iye za ndale sankazitsata. Chimene ankadziwa n'chakuti anthu akaseka limodzi amadya limodzi, ndipo sankadziwa njira ina.

Chisankho chinachitika. Mbali ina inaphulitsa makombola, ina inatseka mawindo. Nice ankaganiza kuti zikhala ngati mpira, kuti Lolemba aliyense abwerera ku ntchito. Mbendera zinatsitsidwadi, nsalu zofiira zinasuluka ndi dzuwa, Dona Marluce anabwerera ku maluwa ake, koma alongo ake sanabwererane. Genivaldo anamubuloka Edmilson paliponse. Rosineide anabwerera patapita miyezi, koma pakhomo pa apongozi ake sanapondenso. Khirisimasi inadyedwa kawiri. Nice anapita kwa wansembe, amene anamuuza kuti apemphere. Anapita kwa amalume awo okalamba a ku Caruaru, amene anamvetsera bwinobwino kenako n'kumufunsa kuti iyeyo anavotera ndani. Jucilene anamuuza kuti angotseka magulu onsewo apume.

"Ndikatseka, adziwa bwanji kuti Amayi adzuka?"

Choncho m'mawa uliwonse zithunzi zinkapitabe, kawiri, ku duwa loyera ndi ku duwa la pepo. Oyankha anachepa. Nthawi zambiri ankangoona timizere tiwiri tosonyeza kuti awerenga.

Chaka chotsatira Dona Quitéria anayamba kuiwala. Ankaika shuga m'nyemba, ankafunsa za anthu amene anaikidwa kalekale. Ana awo aamuna ankabwerabe mosinthana, aliyense Lamlungu lake, ndipo m'mutu mwa mayiwo awiriwo anasanduka munthu mmodzi. Tsiku lina, Edmilson atangochoka, mayiwo anakoka Nice pamkono.

"Mwana wangayu akudwala, upite naye kuchipatala. Sabata yatha anali ndi chimimba chotere, lero waonda ngati ndodo. Sabata yamawa udzaona, adzakhala atatupanso."

Nice anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. Atadzigwira analemba mawu a mayi akewo monga anawanenera, n'kutumiza ku magulu onse awiri. Ankaganiza kuti ngati pali chinthu choti abale awiri angasekere limodzi, kapena kulirira limodzi, ndi chimenechi. Edmilson anaika kankhope koseka. Genivaldo anawerenga, osayankha.

Anadzayankha patapita masabata, ndi uthenga wa mawu kwa Nice yekha. Anati wapeza ntchito yonyamula soya kudera lakutali la Mato Grosso, ndipo asamuka ndi banja lonse. Ku Garanhuns kwamukwana, aliyense amamuyang'ana ngati akuwerenga pamphumi pake.

Anabwera kudzatsanzika mkati mwa sabata, m'mawa, lole itadzaza mipando ndi matilesi. Rosineide anatsala m'galimoto. Dona Quitéria anali pakhonde akuwothera dzuwa, ndipo Genivaldo anagwada n'kupempha dalitso monga ankachitira ali mwana.

"Mulungu akudalitse, Edmilson mwana wanga," anatero mayiwo akumusisita m'mutu. "Wanenepanso. Ukamuuze mkulu wako abwere, ndamusowa."

Genivaldo sanawakonze. Anapsompsona dzanja lawo n'kuimirira movutikira. Nice anamuperekeza mpaka pageti atanyamula chakudya cha paulendo, nkhuku yokazinga ndi ufa wa chinangwa wokazinga m'batala.

"Geni, shopu ya mng'ono wako ili panjira. Sindikuti ulowe. Ungoliza hutala basi."

"Msewu umene uja ndi wopanikiza. Lole singadutse."

"Unkadutsamo ndi mazira."

"Usamale Amayi, Nice."

Anamukumbatira mwamphamvu mpaka magalasi anapindika, n'kukwera. Nice anaima pageti kuyang'ana lole ikutsetsereka. Pamphambano ya kumunsi, njira ya kumanja inkapita kwa Edmilson, ya kumanzere kumsewu waukulu. Lole inaima kudikira basi kuti idutse, ndipo Nice anagwira chitsulo cha geti ndi manja onse awiri. Kenako nyali ya kumanzere inayamba kuphethira.

Analowa m'nyumba n'kuimbira Edmilson. Kumbali inayo kunkamveka kugogoda kwa zitsulo.

"Wapita."

"Ndani?"

"Mkulu wako. Wanyamuka pompano."

Kugogoda kuja kunaleka. Nice anadikira. Ankamva kupuma kwa mlongo wake, ndi wailesi ikuimba chapatali m'shopumo.

"Mankhwala a Amayi alipo?" anafunsa Edmilson.

"Alipo."

"Chabwino. Ndibwera Lamlungu."

"Lamlungu lino ndi la..." Nice anaima pakati pa mawu. "Bwera. Ubwere ndi ana."

Anaika foni m'thumba la epuloni. Kunja Dona Quitéria anali akuitana, kufunsa kuti alendo aja apita osamwa khofi chifukwa chiyani. Nice anawafunditsa shawelo pamapewa, n'kuuza mayi woyandikana naye nyumba kuti aziwayang'ana. Anali atachedwa kale, ndipo ana asukulu anali asanadye.